Funsani a Malume: masana kuntchito, usiku pang'oma

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa oimba ng'oma m'mabandi ang'onoang'ono, aja amaimba m'mabala, m'maukwati ndi m'matchalitchi koma Lolemba likafika ali pantchito ina. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula chifukwa enanu mukayamba kulemba simudziwa polekera.

FUNSO: A Malume, ine ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndiye wikendi ndimaimba ma drums mu bandi inayake, pena Lachisanu usiku, pena Loweruka, pena mpaka Lamulungu lomwe. Vuto ndi loti ndatopa, Lolemba ndimangosinza pa desiki mpaka abwana anandiitanapo, kunyumba madam akuti sakundionanso. Ndiye mtsogoleri wa bandi yathu akuti ndingosiya ntchito tizipanga zanyimbo basi chifukwa luso ndili nalo komanso mashoo achuluka. Mtima ukufuna koma mantha. Ndipange bwanji? — Wosinza Lolemba

Achimwene, ntchito musasiye. Ndayamba ndi yankho dala kuti ngakhale musamalize kuwerenga mukhale mutamva chachikulucho.

Mtsogoleri wanuyo sindikuti ndi woipa mtima, koma taganizani amene apindule ndani mukasiya ntchito. Iye apeza wang'oma wopezeka tsiku lililonse, pulakatisi ya Lachiwiri m'mawa mulipo, shoo yadzidzidzi mulipo, ndipo palibe salale yomwe akukupatsani. Mufunseni funso limodzi lokha, azikulipirani pamwezi kapena pa shoo? Akangoti pa shoo ndiye kuti mwezi womwe kulibe mashoo mavutowo ndi anu nokha ndi madam. Ndipo mashoo ali ndi nyengo, amene waimbapo mubandi akudziwa, pali miyezi yoti foni siipuma ndipo pali miyezi yoti mumachita kuiyang'ana ngati ili ndi netiweki. Anthu ambiri amasiya ntchito m'miyezi yoyambayo kenako n'kumalira m'miyezi inayo.

Tengani kope muzilemba kwa chaka chathunthu, shoo iliyonse mwalandira zingati, transipoti zingati, masitiki, zikopa, ndiponso mashoo omwe munaimba koma mpaka lero akuti mudikire. Chaka chikatha muone zotsalazo ngati zingalipire lendi ndi fizi m'miyezi yowuma, osati yabwino ija ayi. Ambiri akapanga masamu amenewa amangozindikira kuti ntchito ya mu ofesi ija ndi yomwe ikudyetsa ng'omazo.

Ndipo musamadzione ngati wang'oma wosakwanira chifukwa muli pantchito. Charlie Watts wa Rolling Stones ankagwira ntchito yojambula zotsatsa malonda ku London, usiku n'kumaimba m'mabandi ang'onoang'ono, ndipo anyamata aja atamufuna sanathamangire, ankadziwa kuti alibe zomulipira, anadzalowa mu January 1963. Moe Tucker pomwe amayamba kuimba ndi Velvet Underground mu 1965 anali akugwira ntchito yolowetsa manambala m'makina ku IBM. Anthu amenewa lero akutchulidwa dziko lonse.

Tsopano za kutopa. Anthu amaona ngati wang'oma amangokhala pampando. Ofufuza a ku University of Chichester ndi University of Gloucestershire anayeza Clem Burke wa bandi ya Blondie akuimba, mtima wake unkagunda ka 140 mpaka 150 pamphindi, pena kufika 190, ndipo ankawotcha ma calorie 400 mpaka 600 pa ola. Ndiye inu mwachoka ku ofesi, mwanyamula zida, mwamanga, mwaimba maola atatu, mwamasula, mwapakira, anzanu a gitala ali kalekale kunyumba inu mukusakabe kiyi wa drum womangira zikopa pansi pa siteji ndi tochi ya pafoni. Shoo ya maola atatu kwa wang'oma imadya usiku wonse. Simukusinza chifukwa cha ulesi.

Ine ndikanakhala inu Lamulungu usiku ndikanalitseka, olo alipire bwanji. Mwezi uliwonse wikendi imodzi ikhale ya kunyumba ndipo muiuze bandi mwezi usanayambe, osati Lachinayi usiku. Madam aziona kalendala ya mashoo pasadakhale, akazi ambiri sadana ndi ng'oma, amadana ndi kumva Lachisanu madzulo kuti bambo akunyamuka pomwe iwo anali ndi mapulani ena. Shoo ikatha pakirani muzipita, ola lija lokhala pansi kumakambirana mmene munaimbira, botolo lili m'manja, ndi lomwe likukuphani Lolemba. Zida nazo chepetsani, kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi), snare (ya pakati pa miyendo), hi-hat (timbale tiwiri totsekedwa ndi phazi), tom imodzi yapamwamba, floor tom (tom yoima pansi), ndi mbale zachitsulo zija amati ma cymbal, ride ndi crash, zakwana nyimbo zonse zomwe mabandi ambiri amaimba. Ma tom asanu aja amangosangalatsa inu nokha ndipo msana womwe ukunyamula ndi wanu.

FUNSO: M'bandi mwathu tilipo 6 ndipo ndalama timagawana mofanana, koma galimoto yonyamula zida ndimalipira ndine, masitiki akathyoka ndigule ndekha, chikopa chikang'ambika ndekhanso. Woimba amangobwera ndi pakamwa pake basi. Ndikadandaula akuti ndimakonda ndalama. Ndikulakwa? — Wonyamula katundu

Simukulakwa akulu, koma ndikuganiza kuti mumaiyambitsa nthawi yolakwika. Nkhani ya ndalama ikayamba 2 koloko usiku, envelopu ili pakati aliyense watambasula kale dzanja, amene wayankhulayo amaoneka wadyera ngakhale akunena zoona. Ikambeni pa pulakatisi masana dzuwa likuswa mtengo, kulibe ndalama patebulo.

Njira yomwe imagwira m'mabandi ambiri ndi yoti transipoti ya zida ichoke kaye musanagawane, chifukwa bandi yonse ndi yomwe ikufuna ng'omazo pa siteji. Kenako kagawo kena kapite m'thumba la bandi kogulira zokonzetsa, zotsalazo ndiye mugawane mofanana. Koma masitiki ndi anu, monga wa gitala amagula yekha nsambo zake, pamenepo musalimbane nawo. Mukagwirizana wina alembe mu gulupu ya WhatsApp kuti mawa pasadzapezeke woti sindinamve. Kwa mwini shoo nayenso mufune dipoziti komanso uthenga wolembedwa wonena ndalama, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chifukwa mawu oti “ingowonjezerani nyimbo ziwiri” amatha kukhala ola lathunthu laulere.

Komabe ngati mukuthyola masitiki shoo iliyonse vuto mwina lili m'manja mwanu. Masitiki ali ndi masaizi, 7A ndi opyapyala, 5A apakatikati, 5B onenepako, 2B anenepa kwambiri, ndipo ambiri ndi a mtengo wa hickory. Munthu womenya mwamphamvu atagwira 7A azingogula basi. Onaninso mmene mwapendekera ma cymbal, akakhala m'mwamba ndipo ali chagada sitiki imagunda m'mphepete penipeni n'kumadyeka, muone tizipalapasiro pansi shoo ikatha. Apendekeni pang'ono kuyang'ana kwa inu, musamange nati mpaka cymbal kulephera kugwedezeka, ndipo muzimenya mopsepseza chammbali osati kulowetsa sitiki ngati mukufuna idutse. Cymbal yabwino ndi ya mkuwa wosakaniza womwe amati B20, magawo 80 kopa magawo 20 tini, a kampani ya Zildjian akhala akupanga zoterezi kuyambira 1623 ku Constantinople, ndi chinthu chodula kwambiri pazida zanu zonse ndipo ikang'aluka siiwotchereredwa n'kumvekanso chimodzimodzi. Mukaona kamng'alu kakang'ono boolani kabowo ndi drill kumapeto kwake kuti kasapitirire, zimagulako nthawi. Zikopa zamasiku ano ndi pulasitiki ya Mylar yomwe kampani ya Remo inayamba kugulitsa mu 1957, zimalimba ndithu, ndiye mukaona timaenje tambiri pa tom dziwani kuti mwaipendeka kwambiri ndipo nsonga ya sitiki ikubaya m'malo modumpha.

FUNSO: Malume, ndikachoka ku shoo m'makutu mumalira kuti ziii mpaka mawa lake, masiku ano ngakhale pakati pa sabata ndikagona ndimamva. Mnzanga akuti n'zabwinobwino, makutu akuzolowera. Ndili ndi zaka 24. — Wa ziii

Mwana wanga, mnzakoyo akukunamiza ndipo pamakalata onse a mwezi uno yako ndi yomwe yandidetsa nkhawa. Makutu sazolowera phokoso, amawonongeka. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati titsitsi tomwe timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo, phokoso likachuluka timafooka, likapitirira timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Kulira ukumvako madokotala amati tinnitus. Lars Ulrich wa Metallica ali nako ndipo amanena poyera kuti n'chifukwa choimba zaka zambiri osateteza makutu.

Bungwe la ku America loona za chitetezo pantchito la NIOSH limati phokoso la ma decibel 85 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu asapyole nalo maola 8 patsiku, ndipo ukawonjezera 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Ndiye 88 ndi maola 4, 91 maola 2, 94 ola limodzi, 100 mphindi 15 zokha. Ng'oma zikumenyedwa mwamphamvu, snare ili pakati pa miyendo, crash ili pafupi ndi khutu, sipika ya monita, ija mumadzimvera nokha pa siteji, ikukulira kumbali, kupyola 100 si nkhani. Ndiye iwe umakhala pamenepo maola atatu kuphatikizaponso pulakatisi m'kachipinda kamakoma a simenti komwe mawu amangobwerera kwa iwe. Ndipo ngati ntchito yako yamasana ilinso yaphokoso, mugalaja kapena mufakitale, makutu sawerenga padera, zonse zimaphatikizana.

Gula zotseka m'makutu lero. Zasiponji zija amavala m'mafakitale zimateteza bwino ngati wazilowetsa moyenera, uzifinye kaye zikhale zopyapyala, ukoke khutu m'mwamba, ulowetse n'kugwira mpaka zifufume. Vuto lake zimapha mawu akuthwa, hi-hat imamveka ngati ili kuseri kwa chitseko, ndiye ambiri amazivula pakati pa shoo kapena kuyamba kumenya mwamphamvu kuposa kale. Zilipo zopangira oimba zomwe zili ndi kasefa, zimatsitsa phokoso lonse mofanana, zina ndi ma decibel 9, zina 15, zina 25, kwa wang'oma 15 kapena 25 ndiye zoyenera. Uzivala pa pulakatisi pomwe kuti uzolowere. Thonje iwalako, silithandiza kwenikweni. Monita umuuze wa saundi aitsitse, pa break utuluke panja makutu apume, ndipo pobwerera kunyumba usavalenso mahedifoni. Poti kulirako kwayamba kukhalitsa, pita kuchipatala akakuyeze makutu. Ukadzaona khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi usadikire sabata, thamanga tsiku lomwelo.

Ndiwonjeze kuti angapo a inu mumangomenya mopyola muyeso. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika, ndipo mubala laling'ono wang'oma ndi amene amaika volyumu ya bandi yonse, iwe ukakweza wa besi akweza, wa gitala akweza, woimba ayamba kukuwa, mwini malo sakuitananinso.

FUNSO: Ndimakhala nyumba ya lendi, aneba ali khoma ndi khoma, ndikaweruka kuntchito kwada kale ndiye ng'oma ndimazigwira pa pulakatisi ya bandi pokha. Amandinena kuti ndimathamangitsa nyimbo makamaka ndikapanga ma roll, kuja kuyendetsa masitiki mofulumira pa ng'oma zingapo, koma ine sindimva choncho, ndimaona ngati wa kiyibodi ndi amene amakoka. Ndizipanga pulakatisi bwanji? — Wa lendi

Achimwene, pa shoo yotsatira ikani foni penapake mujambule nyimbo zonse, mawa lake mumvere muli phee. Gogodani tempo (liwiro) ya kumayambiriro kwa nyimbo pa metronome ya pafoni, ka app kogunda liwiro losasintha, kenako mugogode ya kumapeto. Mkanganowu uthera pomwepo, ndipo ndikubetcha kuti wa kiyibodi apezeka wosalakwa. Pa siteji mtima ukamathamanga nyimbo imamveka ngati ikuchedwa, ndiye munthu amaikankha osadziwa. Pa roll ndiye zimanyanya, manja amasangalala, mumafika pa crash bandi isanafike, ndipo mukatero kanayi nyimbo yomwe inayamba pa kugunda 96 pamphindi ikutha pa 110 ovina thukuta lili kamukamu woimba mawu akumuthawa.

Za nyumba ya lendi zisakhale chowiringula. Pad ya labala yomenyapo popanda phokoso, masitiki awiri ndi metronome yaulere ya pafoni zakwana, pad mulibe pilo kapena thaulo lopinda pa ntchafu. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Loweruka lokha. Bungwe la Percussive Arts Society linaika mndandanda wa ma rudiment 40, njira zoyambira zomenyera ndi masitiki, mu 1984 koma musadzitopetse nawo onse, munthu wapantchito agwire atatu: single stroke, double stroke ndi paradiddle, ija imayenda R L R R L R L L, R ndi dzanja lamanja L lamanzere. Yambani pang'onopang'ono pa 60, inde n'zotopetsa ndipo n'zovuta kuposa kuthamanga chifukwa pakati pa kugunda ndi kugunda pali mpata waukulu woti musochere. Kenako muziimba mabala atatu a bit (bala pano ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4 kamodzi), la chinayi roll, kubwereza mpaka roll izigwera ndendende pa 1. Mukazolowera, ma app ambiri amalola kuti metronome ilire mabala awiri n'kukhala chete mabala awiri, ikamabwerera mudziwa ngati munathawa. Mapazi muziwaphunzitsa pansi chabe, chidendene pansi zala zikugunda, ngakhale pa desiki kuntchito palibe angadziwe.

Nyimbo za bandi muziphunzira ndi makutu popita kuntchito, mulembe pakapepala kuti vesi ili ndi mabala angati, kolasi angati, poima ndi pati, ndipo pambali pa nyimbo iliyonse pa mndandanda wa shoo mulembe tempo yake. Musanawerenge 1, 2, 3, 4 imbani kolasi mumtima kaye, tempo yolondola imakhala mmenemo. Pulakatisi ya bandi si yophunzirira nyimbo, ndi yolumikiza zomwe aliyense waphunzira kale.

Ma roll nawo achepetseni. Mverani Carlton Barrett wa The Wailers pa bit ya reggae yotchedwa one drop, kick ndi rim (mkombero wa snare) zikugwera limodzi pa 3, pa 1 palibe kanthu, koma palibe amakhala pansi. Mverani Tony Allen yemwe ankaimba ndi Fela Kuti, nyimbo yopyola mphindi 10 osagwedezeka ndipo osamenya mwaukali. M'mabandi ang'onoang'ono amene amaitanidwa kawirikawiri ndi uja amafika msanga, nyimbo akuzidziwa, wa besi akumva kukoma kuimba naye. Madolo a ma roll ambiri wikendi amakhala kunyumba akudabwa kuti foni yavuta chani.

FUNSO: Ndine mtsikana, masana ndimaphunzitsa, ndimaimba ng'oma mubandi ya anyamata okhaokha. Kulikonse tikafika wa saundi amafunsa anzanga kuti wang'oma wanu ali kuti ine ndili pomwepo ndi chikwama cha ma cymbal. Ena amati ndizingoimba kolasi. Zimandiwawa. — Aphunzitsi

Achemwali, zimawawa ndithu ndipo sindikuuzani kuti muzingoseka. Mukafika pitani nokha kwa wa saundi, mumuuze kuti wang'oma ndine, ndikufuna maiki pa kick ndi pa snare, mu monita mundipatse besi ndi mawu a woimba. Akamva chilankhulo chake amasintha nkhope. Anyamata a m'bandi mwanunso auzeni kuti funso limenelo likabwera azingoloza inu, asamayankhe m'malo mwanu. Oti muziimba kolasiwo akawafufuze Sheila E. yemwe ankaimba ndi Prince, Cindy Blackman yemwe anayamba kumenyera Lenny Kravitz mu 1993, ndi Viola Smith yemwe anayamba kale m'ma 1920 ndipo anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 107. Chinthu chimodzi chokha, za mmene mubwerere kunyumba usiku zikambidwe shoo isanayambe, wang'oma amatsala yekha pomasula zida ndipo bandi yabwino siimusiya.

FUNSO: Ndimaimba m'mabandi awiri ndipo onse apeza shoo Loweruka limodzi. Ina ikulipira bwino koma inayo ndinavomera kale. — Wapamphambano

Pitani komwe munavomera koyamba. Oimba a dera limodzi amadziwana onse, mukathawa kamodzi chifukwa cha ndalama nkhani imafika kulikonse Lolemba lisanathe. Enawo auzeni lero lomwe ndipo muwapezere wogwirizira, mumupatse mndandanda wa nyimbo, ma tempo ndi zojambula za pulakatisi. Wang'oma aliyense wapantchito azikhala ndi anzake awiri otere, ndipo musaope kuti akulandani malo, tsiku lina adzatsekeredwa ku shifiti adzaimbira inu.

FUNSO: Ndine wamanzere. Pa mashoo a mabandi ambiri timagwiritsa ntchito ng'oma zimodzi ndipo ndikayamba kutembenuza zida aliyense amakwiya kuti ndikuchedwetsa. — Wamanzere

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, pemphani kuti bandi yanu iyambe kapena imalize kuti kutembenuzako kuchitike kamodzi, ndipo musasunthe zonse, hi-hat, snare ndi floor tom ndiye zofunika, ma tom apamwamba asiyeni. Phil Collins ndi Ian Paice wa Deep Purple anatchuka akuimba chamanzere ndithu, palibe cholakwika. Yachiwiri ndi yophunzira kuimba pa ng'oma zoikidwira munthu wamanja osapingasa mikono, hi-hat muitsitse muziimenya ndi lamanzere, snare ndi lamanja, ngati mmene amachitira Billy Cobham ndi Simon Phillips. Phazi lamanja pa kick livuta miyezi ingapo koma kenako mukhala pa ng'oma zilizonse osasuntha kanthu. Ringo Starr ndi wamanzere yemwe anangokhala pa zida zoikidwira munthu wamanja, n'chifukwa chake ma roll ake amamveka mwachilendo.

Ndipo nonse amene mumabwerekana ng'oma, snare, ma cymbal, pedulo ndi masitiki muzibwera ndi zanu, za mwini wake musamasule chilichonse musanapemphe. M'chikwama muzikhalanso kiyi wa drum wapadera, tepi, ndi clutch, kachitsulo kogwira mbale yapamwamba ya hi-hat, chifukwa pa ng'oma zobwereka clutch ndi yomwe imasowa nthawi zonse.